Utomoni wa Layisoni

Amene anandikokera ku Kepu ndi Layisoni, msuweni wanga, mwana wa amalume a ku Bembeke. Banja langa litatha, ine n'kubwerera pakhomo pa amayi ndi ana awiri ndi ndowa yobooka, iyeyo ndiye anaimba foni. "Akazanga," anatero, "ndamva kuti wobwereka uja wakubwezani. Bwerani kuno kwa mwamuna wanu weniweni." Chisuweni chathu chinali chotero kuyambira tili ana. Iye ankanditcha mkazi wake, ine ndinkamutcha mwamuna wosagula mchere, ndipo mkazi wake weniweni, Nachisale, amene anatsala kumudzi ndi ana, ankangoseka n'kumati mutengeni ndithu, wanditopetsa.

Za ulendowo sindinena zambiri. Ndinatsika basi ndili mbuu, mutu ukuzungulira, koma m'chigulu cha anthu chija sindinavutike kumupeza. Layisoni anali chimunthu, abale. Mapewa ngati chitseko cha tchalitchi, khosi lake lokana kolala ya malaya. Ananyamula chikwama changa ndi zala ziwiri n'kundifunsa ngati ndalongedza nthenga zokhazokha.

Iyeyo ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Kommetjie, kumene mphepo ya kunyanja imakuwomba ngati unaitukwanira mayi ake. Ankakhala mu mkhukhu, kanyumba ka malata ndi mapulanga, m'malokeshoni a kufupi komweko. Ine anandipezera ya m'nyumba ku Wynberg, kwa mayi wina wachitchaina, a Lini, amene ndinkangowatcha kuti Madamu. Anali amasiye, ana awo ali kunja, ndipo ankakhala okha m'chinyumba chakalekale. Ine ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Chingerezi chawo ndi changa zonse zinali zotsimphina, choncho zambiri tinkamalizira ndi manja.

Kumbuyo kwa nyumbayo kunali mitengo ya mapichesi yokalamba, makungwa ake ong'ambikang'ambika. Nditaiona ndinakumbuka kumudzi, chifukwa kwathu mapichesi ali pakhomo lililonse. Ndinaidziwa ngati abale anga. Ndinadziwanso utomoni wake, timibulu tija tofiirira ngati uchi timene timatuluka pomwe mtengo wavulala. Tili ana tinkamatira mabuku ong'ambika, ena ankatafuna pobusa mbuzi, amayi n'kumawakalipira kuti amatirira matumbo.

Ndiye tsiku lina ndikuyanika zovala, ndinaona Madamu akuzungulira mitengo ija ndi kampeni kobuntha ndi mbale. Akagwira kambulu, ngati kali kofewa ankakasiya, ngati kauma gwa ankakagomola mosamala osakhudza khungwa. Ine ndinati mwina akuchotsa matenda a mtengo. Atalowa m'nyumba ndinatenga mbale ija kuti ndikataye m'bini. Mayo ine, kukuwa kwake! Anathamanga kamunthu kaja ngati nyumba yapsa, n'kundilanda mbale, n'kuloza pakamwa pawo. Ndinati ha, kuyenda n'kuona. Anthu a galimoto ziwiri kumadya utomoni.

Kuyambira pamenepo ntchito imeneyo inakhala yanga. Ndinaphunzira kukolola dzuwa likawala pambuyo pa mvula, utomoni utalimba. Ndinkauyanika pa kalichero kawo kansungwi pawindo mpaka ukamagundana uzilira ngati timiyala, kenako n'kuusunga m'botolo. Akafuna kudya mawa, lero ndinkatapa pang'ono, osadzaza n'chikhatho chomwe, n'kuviika m'chimbale chodzaza madzi. Pofika tsiku linalo timiyala tija tinkakhala titamwa madzi onse, titafufuma mpaka kukamwa kwa mbale, tili nyezinyezi, tofewa. Tsiku loyamba ndinaganiza kuti Madamu awonjezera ine nditachoka.

Chovuta chinali kusankha. M'kati mwake mumakhala timakungwa takuda, mchenga, nthawi zina nyerere yofa. Umakhala pansi ndi kachitsotso ka m'mano, kambulu kamodzikamodzi, kutokosola chakuda chilichonse, kutsuka, kusintha madzi, kubwerezanso. Msana unkachita kuyaka. Madamu akandiona ndikuusa moyo ankandikhudza paphewa n'kumati pang'onopang'ono, ine mumtima n'kumati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhonoyo ndiye siidyedwa ndi ine. Pophika, moto unkakhala wochepa, chifukwa ukaupsereza umasungunuka n'kusanduka madzi. Ankaikamo shuga wa miyala, zipatso zina zofiira zouma zonga masawu akuluakulu, ndi bowa wina woyera wamakwinya. Tsiku lina papaya, tsiku lina mkaka. Anandilawitsa. Utomoniwo pawokha sukoma kanthu, umangoterera ngati therere lopanda mchere, usanaganize zomeza wapita kale. "Zabwino m'thupi," ankatero Madamu, akudzisisita patsaya.

Lamulungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkakwera sitima, kenako takisi, kukaona mwamuna wanga wosagula mchere uja. Ndinkamufotokozera za utomoni iye n'kumaseka mpaka malata kunjenjemera. "Ndiye mwawoloka maboda onse aja kudzaphika guluu, akazanga?"

Chakudza sichiimba ng'oma. Ndinayamba kuona kuti akamadya akusunga kapu ya madzi pafupi, nthongo iliyonse akuitsatiza ndi madzi. Nyama anaisiya, akuti nyama ya kuno ndi ya m'firiji, ilibe kukoma. Kenako buledi. Kenako nsima yomwe inayamba kuima pachifuwa, iye n'kutuluka panja mwakachetechete, ine ndikumva akubweza kuseri kwa mkhukhu. Ndikamufunsa ankati ndi chilungulira. Malaya anayamba kumukulira. Ndinachita kumukalipira ngati mwana kuti apite kuchipatala, ndipo tsiku lokamva zotsatira ndinapempha kwa Madamu n'kupita naye.

Anamuunika mokwanira, sindinganame. Dokotala anali mayi wodekha, anatikhazika pansi n'kujambula papepala mmero wa munthu, n'kudetsa pakati pake ndi cholembera. Anati pali chotupa, chakula kale, chafalikira. Ananena zina zambiri zimene Chingerezi changa sichinagwire. Chimene tonse tinamva bwinobwino ndi funso lake lomaliza: "Kwanu kuli anthu oti angakusamaleni?"

Tili pa benchi panja, Layisoni anapinda pepala la dokotala lija n'kuliika m'thumba. Kenako anati, "Msuweni." Sanati akazanga, ndipo ndinadziwa kuti zafika pena. "Anzathu angati tawaperekeza kuno? Amapita m'bokosi, m'ngolo yokoka kumbuyo kwa galimoto, pamodzi ndi mafiriji ndi matilesi a anthu. Ine zimenezo ayi. Ndikufuna ndikatsike pa Bembeke ndi miyendo yanga, ndikagogode ndekha, ana anga akandipatse moni ine n'kuyankha. Asakandionere pagalasi."

Ndinati zimenezo n'zosavuta, basi ilipo. Tinapita m'tauni kwa anthu a mabasi a kwathu. Bambo wogulitsa matikiti anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundikokera pambali. "Mayi, ulendo uja mukuudziwa kutalika kwake. Munthu akatisiya panjira, basi yonse imaima, apolisi, mapepala, anthu onse kugona pa boda. Mmene alilimu kondakitala sawalola. Kawadyetseni kaye, abwezeko thupi pang'ono, aziima osagwirira. Akatero bwerani nawo." Za ndege sitinaziganize n'komwe, chifukwa masiku a m'pasipoti mwake anali atatha kalekale, ndipo ife ndi ndege tinkangoonana m'mwamba.

Kawadyetseni. Kunena n'kosavuta. Ndinaphika phala la ufa woyera losefa pansalu, linabwerera. Ndinapota nthochi, ndinasinja mbatata, ndinafinya msuzi wa nkhuku. Sipuni imodzi inkalowa, yachiwiri inkaima pakhomo, yachitatu inkatulutsa zonse. Njala anali nayo, ndicho chinkandipweteka. Ankayang'ana mbale ngati mwana woyang'ana m'golosale. Ndinkabwerera ku Wynberg ndikulira m'sitima, anthu n'kumandiyang'ana.

Loweruka lina Madamu anasiya theka la utomoni wawo wophika n'kunena kuti ndimalize. Sindinamalize. Ndinauthira m'botolo la jamu, ndipo m'mawa mwake ndinapita nalo, osati ndi chiyembekezo, koma poti manja anga anatopa kupita opanda kanthu. Layisoni analiyang'ana n'kunena kuti, "Guluu uja wafika?" Anatapa nsonga ya sipuni. Ndinaona khosi lake likugwedezeka. Tinadikira. Anatapanso. Anatapanso. Abale, anamaliza botolo lonse, n'kupala pansi ndi sipuni, ndipo palibe chinabwerera. Anatsamira khoma, maso ali ndi misozi, n'kunena kuti, "Ndakhuta. Akazanga, ndakhuta." Ine ndinaluluta m'kanyumba kaja mpaka oyandikana nawo anabwera.

Woyamba kulowa anali a Gondwe, bambo wa ku Rumphi wa mkhukhu wotsatira, amene ankagwira ntchito yaulonda ndipo masana ankamuyang'anira Layisoni ngati m'bale wake. Anali munthu wopemphera, koma bambo awo anali sing'anga, ndipo zina anazitolako. Ananunkhiza botolo, n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndinali ndi kambulu kouma m'thumba la juzi, ndinawaonetsa, n'kufotokoza kuti kameneka kakagona m'madzi kamakula bwanji.

"Adumbu," anatero, poti ankanditcha mlongo m'chinenero chawo, "kasiyeni pano, ndione ndekha."

Lamulungu lotsatira anandichingamira pa takisi, atanyamula kapu m'manja ngati mgonero. "Taonani! Kanthu kochepa ngati nyemba, lero kadzaza theka la kapu. Adumbu, inu simukudziwa chimene mwanyamula. Ichi n'chizimba. Adada ankati mankhwala amatengera khalidwe la chinthu. Ukafuna mwana ayende msanga, umafuna cha nyama yothamanga. Ukafuna munthu wouma abwerere thupi, umafuna chinthu chouma chimene chimafufuma chokha. Atchaina aja si opusa, akubisa chabe. Mwamuna uyu akamadya ichi tsiku ndi tsiku, afufuma."

Ine wa kwaya, wodziwa katekisimu, ndinakhulupirira pomwepo, osafunsa. Ndinkaona ndi maso anga timiyala touma tikudzaza mbale. Madamu ankati n'zabwino m'thupi. Ndipo chinali chinthu chokhacho chimene chinkadutsa pammero paja. Ndikanakana bwanji?

Ndinapempha Madamu kuti ndizitengako, ndinati achimwene anga aukonda. Anasangalala kwambiri kuti pali munthu wakuda wodziwa zabwino, anandipatsanso shuga wa miyala. Koma mitengo ija inali yozolowera kudyetsa kamayi kamodzi, kamodzi pa sabata, osati chimunthu chanjala tsiku lililonse. Botolo linatsika. Ndinkadzuka n'kukazungulira mitengo, kusisita makungwa, kusuzumira m'mphanda, kumaipempha ngati ng'ombe yokana mkaka. Utomoni suthamangitsidwa. Umatuluka pomwe wafunira, uume nthawi yake.

A Gondwe ndiwo anakalengeza kutchalitchi. Anaima pambuyo pa mapemphero n'kunena kuti aliyense wogwira m'gadeni momwe muli mtengo wa pichesi ayang'ane utomoni, m'bale wathu akufuna kufika kwawo. Amalawi a m'gadeni ku Kepu ndi ambiri ngati mchenga, ndipo Layisoni ankadziwika, ambiri ntchito anawapezera ndi iyeyo. Zinayamba kubwera. M'mapepala a buledi, m'mabokosi a machesi, m'masokosi. Wina wa ku Mulanje, kwawo kulibe mapichesi, anabweretsa utomoni wa paini wonunkha ngati polishi. Wina anabweretsa wofiira wa bulugamu. Wina anachita kukwera mpanda wa eni ake, galu n'kumung'amba buluku, n'kubwera akutsimphina ndi timibulu titatu m'manja. Ndinkawathokoza onse mofanana, zolakwikazo ndinkataya iwo atapita. Ndikakumbukira anthu amenewa, mtima umandiwawa ndi chikondi.

Moyo wanga unasanduka kuviika ndi kusankha. M'kachipinda kanga munali mabeseni paliponse, pansi pa bedi, pa mpando, pawindo. Ndikamaliza za Madamu ndinkakhala ndi kachitsotso kanga mpaka maso kuchita chidima, chifukwa kakhungwa kamodzi kokha kakanamutsamwa. Ndinkaphika wambiri, a Gondwe ankasungitsa m'firiji ya mayi wina wa shopu, n'kumamutenthetsera. Layisoni ankadya mokhulupirika ngati akumwa mapiritsi. Ankati akumva m'mimba mwadzaza, ndipo ankagona bwino. Lamulungu lililonse a Gondwe ankamugwira masaya n'kulumbira pali Chiuta kuti abwererako. Ine ndinkayang'ana lamba wake, ndinkaona kuti wabooledwa bowo lina latsopano chakumbuyo, koma ndinkati mwina thupi limayambira m'kati.

Tsiku lina ndinapeza chikondwerero. A Gondwe anali pakhomo mano onse panja. "Adumbu, yayamba! Yayambira pansi!" Ndinalowa. Layisoni anakhala pabedi, miyendo ili pansi, ndipo mapazi ake, amene sabata yathayo anali mafupa okhaokha, anali odzaza, osalala, onyezimira, akakolo osaoneka. "Ndikufufuma, akazanga," anatero akumwetulira. "Ikafika m'masaya tikagule tikiti." Anthu anabwera kudzaona. Tinaimba nyimbo. Tonse m'nyumba muja tinali akuluakulu, tonse tinadwazikapo, ndipo mawu oti kutupa tinkawadziwa. Koma tsiku limenelo palibe anawatchula, aliyense ankati kufufuma.

Chimwemwe chimenecho ndicho chinanditsegula pakamwa kwa Madamu. Lolemba ndikusankha utomoni wawo kukhitchini, ndinawafotokozera zonse, theka ndi mawu, theka ndi manja. Ndinaloza pakhosi, ndinasonyeza kuonda ndi chala, ndinaloza mbale ya utomoni, ndinafufumitsa masaya anga, kenako ndinaloza mapazi n'kuwomba m'manja. Ndinkayembekeza kuti aseka nane.

Sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala pansi. Anafunsa kuti akudyanso chiyani china. Ndinati palibe, ndi umenewu basi, ndi shuga pang'ono. Anafunsa kuti kuyambira liti. Nditayankha anagwira pakamwa. Kenako anatapa kambulu kamodzi kofufuma, n'kukafinya pakati pa zala, madzi n'kuchucha, osatsala kanthu.

"Madzi," anatero. "Madzi okhaokha. Si mankhwala. Kwathu amadya azimayi ofuna khungu losalala, azimayi osafuna kunenepa. Umakhuta, koma m'thupi simulowa kanthu." Anakwinya malaya n'kundionetsa dzanja lawo, lowonda ngati bango. "Ine ndadya zaka zonse. Taona."

Dzanja limenelo ndinkaliona tsiku lililonse. Zovala zawo ndinkachapa ndine, tizovala tonga ta mwana wa sukulu. Ndinaima pamenepo ndi kachitsotso m'manja. Sindinalire. Ndinangomva manyazi ndi mantha zitasakanikirana, ndi mkwiyo wosadziwa kuti ndiupereke kwa ndani: kwa a Gondwe, kwa mitengo, kwa kamayi aka kamene kankangoti zabwino m'thupi osanena kuti thupi lake liti. Munthu wofuna kunenepa kuti akwere basi, ife mpingo wonse kumudyetsa chakudya cha anthu oopa kunenepa.

Madamu anali munthu, ndisawanamizire. Tsiku lomwelo ananditengera ku famasi n'kugula zitini za ufa wa odwala wosungunula m'madzi, mkaka wa kirimu, mazira. Anandionetsa kumenya dzira m'mkaka wotentha n'kusakaniza ndi utomoni kuti zitsetserekere limodzi. Ndinayesa. Ndikathira mkaka wochepa zinkadutsa, ndikawonjezera kuti zikhale chakudya chenicheni zinkabwerera. Njira ija inali itachepa kwambiri. Layisoni ankakankha mbale n'kumati, "Mwayamba kusukulutsa mankhwala anga bwanji? Ndipatseni weniweni uja."

Ndinkamupatsa. Nanga ndikanatani? Kumuuza kuti chimene chikumugoneka tulo ndi madzi? Kuwauza anyamata aja olumidwa ndi agalu kuti anavutikira chabe? Sindinauze munthu, ngakhale a Gondwe. Ndinapitiriza kuviika, kusankha, kuphika, tsopano ndikudziwa, ndipo ntchito yomweyo inalemera kuposa kale. Mpaka lero kuno kumudzi, Nachisale akandifunsa kuti mwamuna wake ankadya chiyani masiku amenewo, ndimati phala la mkaka. Sasekanso nane ngati kale, amangondiyang'ana n'kupitiriza zimene akuchita.

Kutupa kuja kunakwera mpaka m'mawondo n'kuima. Kumtunda kunkangotha. Tsiku lina iye mwini anati, "Masaya akuchedwa, ndipo ine ndikumva kuti sindingawadikire. Tiyeni tikayese mmene ndililimu." A Gondwe anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Tinamukonza ngati mkwati. Inali nyengo yotentha, dzuwa la ku Kepu lija lowotcha ngati mbaula, koma tinamuveka mabuluku awiri, lachitatu la ovolosi pamwamba. Malaya, juzi, juzi lina, jekete lake, kenako chijekete chaulonda cha a Gondwe. M'khosi tinakulunga mpango kubisa mafupa. Nsapato zake sizinkalowa, anavala majombo a a Gondwe. Ndinamudzoza mafuta kumaso kuti awale, n'kumuveka chipewa chogwetsa kutsogolo. Ataima pakhomo atagwira mphuthu, kunena zoona, ankaoneka ngati Layisoni wakale ukamuonera patali. "Nanga bwanji, akazanga," anatero, "simukundifunanso?" Ndinati ndikufuna wogula mchere. Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa.

M'bale wina wa kutchalitchi anatinyamula pa kagalimoto ka abwana ake mpaka m'tauni. Matikiti anali atagula a Gondwe dzulo lake, osanena kuti okwera ndi ndani. Ine ndinali nditapempha tchuti kuti ndimuperekeze, ndipo m'chikwama changa munali mabotolo a utomoni wophika okulunga m'chitenje. Pokwerera panali piringupiringu, anthu akukangana za katundu, anyamata akukweza mafiriji ndi njinga m'ngolo ya kumbuyo kwa basi. Tinamukhazika pa chikwama pamthunzi mpaka anthu ambiri atalowa. Thukuta linkayenderera pansi pa chipewa, mafuta aja akusungunuka.

Kondakitala anali bambo wa imvi za apo ndi apo, wolankhula modekha, Chichewa chake cha ku Machinga. Analandira matikiti, n'kuyang'ana Layisoni, n'kuyang'ana chijekete, n'kuyang'ana dzuwa.

"Akuluwa akumva kuzizira?"

"Ndi chimfine chabe," ndinatero msanga. "Mphepo ya ku Kommetjie."

"Chabwino. Akwere. Koma akwere okha, mayi, musawagwire."

A Gondwe anachotsa dzanja pamsana pake. Layisoni anayenda yekha mpaka pakhomo la basi, pang'onopang'ono koma mowongoka, ndipo mtima wanga unati tapulumuka. Anagwira chitsulo cha pakhomo ndi manja onse awiri. Anakweza jombo n'kuliika pa sitepe. Sitepe ya basi ndi yaitali, sindinaizindikirepo mpaka tsiku limenelo. Anakoka. Bondo linanjenjemera. Anapuma, n'kukokanso, mitsempha ya pamphumi ili tolotolo. Munthu amene ankanyamula thumba la manyowa phewa lililonse. Thupi linakwera pang'ono, linaima m'malere, kenako manja anatsetsereka pa chitsulo.

Kondakitala ndiye anamuwakha. Anamugwira m'khwapa, ndipo ndinaona manja ake akumira m'majekete muja, akumira, mpaka anakapeza chimene chinali m'katimo. Nkhope yake inasintha. Anamunyamula ngati mwana wa chaka chimodzi, mapazi osakhudza pansi, n'kukamukhazika pa chikwama paja mwaulemu, n'kumukonzera chipewa.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "mwayesetsa. Koma sindingathe."

Ndinagwada pa phula lotentha lija. Ndinamugwira miyendo, ndinamutchula bambo, ndinamutchula mchimwene, ndinati ndikhala naye ine, ndimugwirizira ine, sangavute munthu. Ndinati ali ndi ana akumudikira. Anati akudziwa, naye ali ndi ana, koma anagonapo pa boda ndi maliro m'basi, azimayi ndi makanda akulira ndi njala, ndipo analumbira kuti sadzabwerezanso. Mayi wina pawindo anakuwa kuti mulowetseni, n'chifundo chanji chimenecho. Ena anamuzazira kuti akhale chete, iwo ali ndi maukwati ndi ziliza zowadikira. Kupempha kutandithera ndinayamba kutukwana, ndinatukwana kondakitala, basi, mwini basi ndi onse okhala m'katimo. A Gondwe anandikoka n'kumati adumbu, adumbu, basi. Kondakitala sanandibwezere. Anatsitsa yekha katundu wathu n'kumuika pambali pathu, n'kukwera, chitseko n'kutsekeka.

Basi inatembenuka pang'onopang'ono, ngolo ija ikugudubuzika pambuyo, yomangidwa ndi zingwe ndi lona. Tinatsala atatu pamsewu, a Gondwe atavula chipewa chawo ngati kuti pakudutsa maliro.

"Akazanga," anatero Layisoni, mawu ali pansipansi, "tandivulani, ndapsa."

Ndinamasula mpango. Ndinachotsa chijekete cha a Gondwe, jekete lake, juzi, juzi linalo, chilichonse chonyowa ngati chochokera m'beseni, ndipo ndi chovala chilichonse munthuyo ankachepa pamaso panga. Anthu odutsa ankatembenuka kuyang'ana. Iye maso ake anali kumsewu, kumene basi inkalowera pakona.

"Mumuimbire Nachisale," anatero. "Mumuuze kuti asadandaule, ndikubwerabe. Ngolo ija ndaiyang'anitsitsa bwino. Ilibe sitepe."

Anandiyang'ana akumwetulira, kudikira kuti ndimubwezere, koma ine ndinawerama n'kuyamba kupinda majuzi onyowa aja.